Kodi osamva enieni ndani m'dziko muno?

M'Chichewa chathu mawu oti "wosamva" ali ndi mitu iwiri. Pali wosamva amene makutu ake adatsekeka, kaya chibadwire, kaya chifukwa cha malungo a muubongo, chikuku kapena matenda oumitsa khosi. Palinso wosamva amene makutu ake ndi abwinobwino koma mutu ndi wouma ngati chitsa, uja makolo adati adamva nkhwangwa ili m'mutu. Lero ndilemba za anthu a gulu loyamba, koma amene ndikuwalembera ndi a gulu lachiwiri: aphungu, nduna, akuluakulu a zamaphunziro, azibusa, ndiponso inu a m'tauni amene mumadziguguda pachifuwa kuti mudamenyera ufulu wolankhula.

Ndithu mudamenyera, palibe angakane. Pa 8 Malichi 1992 maepiskopi adatulutsa kalata yawo ija. Pa 14 Juni 1993 anthu adasankha nyali, tambala wakuda nagwa. Pa 17 Meyi 1994 kudachitika chisankho cha matipate. Amene mudali ku Lusaka, ku Dar es Salaam, ku Harare ndi ku London mudabwerera kwanu mutanyamula masutikesi ndi malonjezo. Mudati kuyambira pamenepo palibe Mmalawi amene adzatsekedwenso pakamwa. Papita zaka zoposa 30. Tsono ndikufunseni: kodi mudayamba mwaima pa siteji ya minibasi ku Ndirande kapena pamsika wa Bangwe ndi kuona anyamata atatu kapena anayi akucheza ndi manja, akuseka mpaka misozi, popanda liwu lotuluka? Kodi ufulu uja udawafika anthu amenewo?

Ine ndikuti sudawafike. Ndipo ndikuti chinenero chawo, makamaka chija cha achikulire amene adachokera nacho kumidzi, chikutha ife tikuyang'ana kumbali.

Tiyambe ndi kuchotsa umbuli umene uli ngakhale mwa anthu ovala mataye. Chinenero chamanja si kulozaloza kwa munthu wosowa chochita. Sichichewa cholembedwa ndi zala ayi, ndiponso si chimodzi padziko lonse. Chili ndi malamulo akeake. Kapangidwe ka dzanja, malo amene dzanjalo laikidwa, kumene likulowera, liwiro lake, nsidze, masaya ndi mapewa, zonsezi zimasintha tanthauzo. Funso limaoneka pankhope monga momwe ife timakwezera mawu pofunsa. Munthu akamafotokoza mlandu wa anthu awiri, wina amamuika kumanja wina kumanzere, ndipo nkhani yonse imayenda pakati pa malo awiriwo osasokoneza kuti adamenya mnzake ndani. Katswiri wina wa ku America, William Stokoe, adaonetsa zimenezi poyera mu 1960, ndipo lero palibe wophunzira za zinenero amene amatsutsanso.

Ku Nicaragua, kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ana osamva adawasonkhanitsa pasukulu mu mzinda wa Managua. Aphunzitsi ankalimbana ndi kuwaphunzitsa kuwerenga milomo, koma anawo, pabwalo lamasewero ndi m'mabasi, adapanga chinenero chatsopano chathunthu m'zaka zochepa chabe. Phunziro lake ndi lakuti paliponse pamene osamva akumana, chinenero chimamera chokha ngati bonongwe pachulu. Chimene chimafuna mphamvu ndi kuchipha.

Kuno kwathu zimayamba motere. Ana osamva ambiri, pafupifupi 9 mwa 10 alionse, amabadwa kwa makolo akumva. Mayi wa ku Chiradzulu kapena ku Mulanje akazindikira kuti mwana satembenuka poitanidwa, sadikira boma. Iye ndi mwanayo amayamba kupangana zizindikiro: cha nsima, cha madzi, cha kumunda, cha agogo, cha njoka. Abale ndi anzake osewera nawo amazitola. Mudzi ukakhala ndi osamva angapo, zizindikirozo zimachuluka, zimakhwima, mpaka anthu amatha kukambirana za maliro, za ukwati ndi za malire a munda. Anthu amenewa akabwera m'tauni kudzafuna maganyu, amabwera nacho chuma chimenechi. Chili ku Machinjiri, chili ku Chilomoni, chili m'manja mwa agogo ogulitsa makala ndi amayi ochapa zovala za anthu. Palibe buku limene chidalembedwamo. Mwini wake akaikidwa m'manda, chimaikidwa naye limodzi.

Tsopano tiyeni ku chaka cha 1968, chaka chimene inu obwerera kwanu mumachidziwa bwino. Chaka chimenecho msonkhano waukulu wa chipani cha Kongeresi udalamula kuti Chichewa ndi Chingerezi ndizo zinenero za dziko, ndipo Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi ya MBC ndi m'masukulu. Chidabwereranso pa wailesi mu 1994. Za nkhanza imeneyi mwalemba mabuku, mwachititsa misonkhano, ndipo mudachita bwino. Koma chaka chomwecho cha 1968, ku Montfort, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, abulazala achikatolika a chipani cha FIC adayamba kuphunzitsa ana osamva, chiyambi cha sukulu imene timaidziwa kuti Maryview. Ulemu tiwapatse: adatola ana amene dziko lidawataya kuseri kwa nkhokwe. Pambuyo pake padadza sukulu zina monga ya ku Mua ku Dedza, ya Mountain View ku Bvumbwe ndi ya Embangweni ku Mzimba. Koma njira yophunzitsira imene idalamulira kwa zaka zambiri m'dziko muno idali yokakamiza mwana kuwerenga milomo ndi kutulutsa mawu amene iye mwini sakuwamva. Manja ankaonedwa ngati chopinga.

Njira imeneyi sidayambire ku Nguludi. Idachokera ku msonkhano wa aphunzitsi a ana osamva umene udachitikira ku Milan m'dziko la Italy mu 1880, kumene anthu akumva adagwirizana kuti manja achoke m'kalasi. Kwa zaka pafupifupi 100 ana a ku Ulaya ndi a m'maiko a atsamunda ankathera nthawi ya masamu ndi mbiri akuphunzira kutchula "ba" ndi "pa" patsogolo pa galasi. Msonkhano wa mtundu womwewo, utakumana ku Vancouver mu 2010, udakana poyera mfundo za ku Milan ndi kuvomereza kuti zidapweteka anthu. Kunoko ndani adaimapo pagulu kunena mawu otero kwa osamva athu?

Nanga anawo adatani? Adachita zomwe inu munkachita nthawi ya apayoniya ndi makadi a chipani. Masana ankagwedeza milomo kukondweretsa aphunzitsi, usiku kumalo ogona manja ali yakaliyakali. Mwana wa ku Thyolo adabwera ndi zizindikiro za kwawo, wa ku Zomba ndi zake, nasakaniza, napatsira ang'ono awo. Chinenero chamanja cha Malawi chidakulira mobisala chonchi, ngati nyuzipepala yoletsedwa yoyenda m'thumba la jekete. Inu amene mudalawapo kunong'ona m'dziko lanu lomwe, mudayenera kukhala oyamba kuwamvetsa anthu amenewa. Chodabwitsa nchakuti mutakhala pamipando mudawaiwala.

Kuti muone kumene tikupita, ndikutengereni ku Ghana. Kum'mawa kwa dzikolo, pafupi ndi Aburi, kuli mudzi wotchedwa Adamorobe. Kwa mibadwo yambiri m'mudzimo munkabadwa osamva ochuluka kuposa m'midzi ina, ndipo mudzi udapanga chinenero chakechake chamanja chimene akumva ndi osamva omwe ankachigwiritsa ntchito kumunda, kumsika ndi pamaliro. Wosamva kumeneko sankasowa wocheza naye. Mu 1975 mfumu ya mudziwo idalamula kuti wosamva asakwatirane ndi wosamva mnzake, ati pofuna kuchepetsa ana osamva. Ana osamva amene adabadwabe adatumizidwa kusukulu yogonera komweko ku Mampong, kumene amaphunzira chinenero chamanja cha dziko la Ghana. Chinenero chimenecho chidachokera ku cha ku America, chimene adabwera nacho mu 1957 mmishonale Andrew Foster, munthu wakuda amenenso adali wosamva. Pamwamba pa izo mzinda wa Accra udakula, alendo nagula malo m'mudzimo. Pofika cha m'ma 2012 osamva adalipo pafupifupi 40 pa anthu pafupifupi 3,500, ambiri mwa iwo achikulire. Akatswiri monga Victoria Nyst ndi Annelies Kusters adalemba za mudziwu, ndipo chinenero chake chili m'gulu la zinenero zimene zili pangozi ya kutha.

Onani bwino: palibe adabwera ndi mfuti ku Adamorobe. Mfumu inkati ikuthandiza. Mmishonale ankathandizadi, ndipo adatsegula sukulu zambiri mu Africa muno. Koma chinenero cha makolo chikufa pakati pa anthu ofuna zabwino okhaokha. Chidachitikanso pa chilumba cha Martha's Vineyard ku America, kumene kale m'midzi ina pafupifupi aliyense ankadziwa kulankhula ndi manja. Wosamva womaliza wa mbumba imeneyo adamwalira mu 1952, chinenero nkutha. A ku Ghana mwina tiwachitire nsanje pang'ono, poti kwawoko kudapita anthu ndi makamera kukajambula zisanathe. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kwathu kuno chinenerochi chikudyedwa mbali zitatu.

Mbali yoyamba ndi manyazi athu. Ine ndidakulira ku Zingwangwa, pa mpanda umodzi ndi mayi wina wosamva wochokera kumidzi ya ku Mulanje, amene sadapondeko m'kalasi. Iye ndi mng'ono wake ankakamba ndi manja kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, za mitengo ya tomato, za amuna, za amene wabwereka mbale osabweza. Ife ana a pampandapo tidatolako zambiri osaphunzitsidwa. Mng'ono wakeyo atakwatiwa nkusamukira ku Lilongwe, mayiyo adatsala ndi theka la pakamwa pake. Achinyamata osamva ochokera kusukulu akamuona ankamuseka kuti manja ake ndi achimidzi. Akumva ankamutchula gonthi, ena chitsiru. Munthu amene adali ndi nthabwala zogwetsa anthu pansi adasanduka wongokhala pakhonde. Umu ndi mmene chinenero chimafera. Sichifa ndi mfuu, chimangosowa woyankha.

Mbali yachiwiri ndi sukulu. Mu 1994 boma lidayambitsa maphunziro aulere a pulayimale ndipo ana adasefukira m'makalasi. Mu 2017 unduna wa zamaphunziro udakhazikitsa ndondomeko yoti ana aulumali aziphunzira limodzi ndi anzawo. Pa pepala ndi zokoma. Koma tengani mwana wosamva mmodzi, mumuike m'kalasi ya ana oposa 100 ku Ndirande, mphunzitsi akulankhula atayang'ana ku bolodi, wosadziwa ngakhale chizindikiro cha "bwera kuno". Mwanayo mwamuphatikiza ndi ndani? Thupi lili m'kalasi, mutu uli m'ndende. Amakopera zolembedwa ngati akujambula maluwa, chaka chikatha amabwereza, mpaka makolo atopa. Choipitsitsa nchakuti sakumana ndi wosamva mnzake, ndiye ngakhale mwayi umene ana a kumalo ogona aja adali nawo, wophunzitsana usiku, iye alibe. Ubongo wa mwana umafuna chinenero m'zaka zoyambirira za moyo. Akafika zaka zisanu ndi ziwiri wopanda chinenero chilichonse, bala lake silipola msanga. Koleji ya Montfort imaphunzitsa aphunzitsi a ana otere, koma amene amatuluka kumeneko ndi dontho m'chidebe poyerekeza ndi masukulu a dziko lino.

Mbali yachitatu ndi alendo okoma mtima. Amabwera ndi mabuku, makanema ndi zizindikiro za ku America kapena ku Britain, naphunzitsa m'matchalitchi ndi m'misonkhano ya masiku atatu. Wachinyamata amene ali ndi foni amatolanso zina pa YouTube ndi pa Facebook. Posakhalitsa chizindikiro cha kunja chimaoneka chachizungu, chotsogola, pamene cha agogo ake chimaoneka cha umbuli. Ife a Malawi matendawa timawadziwa. Ndi omwe aja amene amachititsa kholo la ku Namiwawa kunyadira kuti mwana wake sadziwa Chichewa.

Wina anena kuti, "Iwe mtolankhani, dziko lili pa moto, ufa wakwera, mafuta akusowa, iwe ukulira za manja?" Ine sukulu ya ukachenjede ndidaisiyira panjira, choncho digiri yoti ndikuopsezeni nayo ndilibe. Koma kuwerenga ndimatha. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa anthu a zaka zisanu kupita m'tsogolo, oposa 1.5 miliyoni ali ndi ulumali, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse a iwowa amavutika kumva. Si onse amene amalankhula ndi manja, zoona, koma ngakhale mutachotsapo ambiri, otsalawo angadzaze bwalo la Kamuzu kangapo. Amenewanso ufa wawakwerera, ndipo iwo sangathe ngakhale kufunsa kuti chimanga chotsika mtengo chikugulitsidwa kuti.

Taganizani za kuchipatala. Mayi wa ku Zingwangwa uja atadwala matenda a amayi, womasulira wake pa chipatala china adali mwana wake wamwamuna wa zaka khumi. Mwana ameneyo ndiye adayenera kuuza adokotala za m'thupi mwa mayi ake, ndi kuuza mayi ake zimene adokotala apeza. Ndani wa inu angalole zotere? Nanga wosamva wopita kukayezetsa magazi, chinsinsi chake chili pati pamene pakati pa iye ndi mlangizi paima mlamu wake? Nanga mankhwala akamwedwa molakwika chifukwa namwino adangokweza zala zitatu, osadziwika ngati akunena mapilitsi atatu, katatu patsiku kapena masiku atatu?

Taganizani za kupolisi ndi kukhoti. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino likuti munthu womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chinenero chimene akumva, ndipo pozengedwa mlandu akhale ndi womasulira ngati pakufunika kutero. Mtsikana wosamva akagwiriridwa ku Bangwe, wogwirirayo amadziwa bwino chimene wasankhira mtsikana ameneyo: sakanena. Ndipo mtsikanayo akakhala kuti sadapite kusukulu, ngakhale womasulira wophunzira atapezeka sangamumve mokwanira, pokhapokha pakhale wosamva mnzake kapena mbale wodziwa zizindikiro za kwawo. Apa ndi pamene muone kuti zizindikiro za kumidzi si zokongoletsera nyumba yosungiramo zakale. Pali milandu imene chilungamo chake chagona pa izo.

Taganizani za Malichi 2023. Namondwe wa Freddy adagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 adataya miyoyo. Machenjezo ambiri adayenda pa wailesi, pa zimkuzamawu ndi pakamwa. Amene adapulumuka amasimba za mkokomo umene adaumva usiku, ndi mfuu ya anansi yoti thawani. Wosamva wogona yekha m'kanyumba ka lendi m'mphepete mwa phiri, mkokomo umenewo adaumva bwanji? Chenjezo limene silifika kwa munthu si chenjezo.

Sindikunena kuti palibe chachitika. Osamva eni ake adadzuka kalekale, mphepo ya matipate ikuyamba kuwomba, nakhazikitsa bungwe lawo la Malawi National Association of the Deaf, MANAD. Dziko lino lidavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009. Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la za ulumali mu 2012, limene lidatchula chinenero chamanja, ndipo mu 2024 padabwera lina latsopano m'malo mwake. Mu 2021 mtanthauziramawu woyamba wa chinenero chamanja cha Malawi adatuluka, ntchito ya a MANAD mothandizana ndi anzawo osamva a ku Finland. Pa wailesi ya kanema nthawi zina timaona womasulira m'kabokosi pakona. Zonsezi adazipeza ndi thukuta lawo. Koma werengani zaka: kuchokera 1968 kufika 2021 ndi zaka 53 ana akuphunzitsidwa popanda ngakhale buku limodzi la mawu a chinenero chawo. Ndipo kabokosi ka pakona kaja kamathandiza amene ali ndi kanema ndi magetsi. Ku Machinjiri ndi angati?

Tsono oyankha ayankhe. Ena akuti ndalama palibe. Ndalama zogulira nduna galimoto zatsopano zimapezeka. Za maulendo a kunja zimapezeka. Za misonkhano ya ku nyanja yokambirana za umphawi, anthu atakhuta chambo, zimapezeka. Zimene zidabedwa pa Cashgate mu 2013 zikadalipira omasulira angati, kwa zaka zingati? Vuto si thumba. Vuto ndi lakuti osamva sachita phokoso pa wailesi, ndipo wandale wa kuno amaopa phokoso lokha basi.

Ena akuti tiwagulire timakina ta m'makutu aphunzire kulankhula monga anthu onse. Timakinato nta bwino kwa amene tingawathandize, ndipo chipatala cha Queen Elizabeth chili ndi malo oyezera makutu. Koma si aliyense amene kamakina kamamuthandiza, ndipo kamafuna mabatire ndi kukonzetsa, zimene banja logula ufa wa pa mbale silingakwanitse mwezi ndi mwezi. Komanso manja saletsa mwana kuphunzira kulankhula kapena kulemba. Mwana amene ali kale ndi chinenero chimodzi amaphunzira chachiwiri mosavuta. Kumumana manja podikira kuti mwina adzalankhula kuli ngati kumana mwana phala podikira mpunga wa pa Khirisimasi.

Ena, makamaka aneneri a masiku ano, akuti ndi ziwanda, abwere tiwapempherere. Amawakokera kutsogolo, kuwakuwira m'khutu, kuwakakamiza kunena "Yesu" pa chimkuzamawu, anthu nkuwomba m'manja, m'mbale ya chopereka nkudzaza. Mawa lake munthu uja ali chimodzimodzi, kungoti tsopano akumunena kuti alibe chikhulupiriro. Abusa, ngati mumawakondadi, phunzirani kuwapatsa moni m'chinenero chawo. Mipingo ina yayamba kale kuika omasulira pa mapemphero, ndipo sidagwe nayo.

Ndipo ena, anzeru ndithu, akuti dziko likufunika chinenero chimodzi chamanja kuti ana aphunzire ndi kulemba mayeso mofanana, tsono za kumidzizo zingosokoneza. Chinenero cha dziko lonse chikufunikadi, ndipo ndikuchimenyera nkhondo m'nkhani ino. Koma tidaonapo kale zotsatira za maganizo oti chimodzi chikakwera zina zigwe. Mu 1972 boma lidakhazikitsa bungwe la Chichewa Board loti lizilamula Chichewa cholondola, ndipo Kamuzu mwini ankadzudzula anthu pagulu chifukwa cha kalankhulidwe. Munthu wa ku Nsanje kapena ku Mangochi ankachita manyazi ndi lilime la amayi ake. Tisabwereze tchimo lomwelo ndi manja. Mtanthauziramawu akhale nkhokwe yosonkhanitsira, asakhale chikwapu. Chizindikiro cha agogo a ku Phalombe chikasiyana ndi cha ku Embangweni, zonse zilowe m'nkhokwemo.

Anzathu otizungulira adatipitirira. Uganda idaika chinenero chamanja m'malamulo ake aakulu mu 1995, ndipo mu 1996 wosamva Alex Ndeezi adalowa m'nyumba ya malamulo ya dzikolo. Ku South Africa, Wilma Newhoudt-Druchen, mayi wosamva, adakhala phungu mu 1999, ndipo mu 2023 dzikolo lidavomereza chinenero chamanja kukhala chinenero cha boma cha nambala 12. Zimbabwe, m'malamulo ake a 2013, idatchula zinenero 16, ndipo pa mndandanda umenewo pali Chichewa chathu chomwechi pamodzi ndi chinenero chamanja. Kwathu kuno gawo 26 likuti aliyense ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito chinenero chimene wasankha, ndipo gawo 20 likuletsa tsankho chifukwa cha chinenero kapena ulumali. Koma pitani pa gawo 51: wofuna kukhala phungu azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Kulankhula! Amene mudalemba malamulo amenewa mu 1994, kodi mudaganizako za Mmalawi amene amawerenga ndi kulemba Chingerezi bwinobwino koma amayankhula ndi manja? Khomo mudalitsegula ndi dzanja lamanja, nkulitseka ndi lamanzere.

Zofunika kuchita sizobisika. Aphungu asinthe malamulo aakulu kuti chinenero chamanja cha Malawi chitchulidwe ndi dzina, ndipo gawo 51 likonzedwe. Boma lilembe ntchito omasulira olipidwa mwezi ndi mwezi m'zipatala zikuluzikulu, m'makhoti ndi kupolisi, ndipo akhale oyesedwa ndi osamva eni ake. Tisaiwale manyazi a pa mwambo wokumbukira Nelson Mandela ku Johannesburg mu Disembala 2013, pamene munthu adaima pafupi ndi atsogoleri a dziko lapansi akugwedeza manja zopanda tanthauzo, akuluakulu onse osazindikira kanthu. Osamva achikulire aloledwe kuphunzitsa m'makalasi a ana osamva, poti palibe mphunzitsi wa chinenero woposa mwini wake. Mayi akangouzidwa kusikelo kuti mwana wake samva, tsiku lomwelo auzidwenso kumene angakaphunzire kulankhula naye. Ndipo a Centre for Language Studies ku Zomba, amene adalowa m'malo mwa Chichewa Board, agwirane manja ndi a MANAD, atume achinyamata osamva ndi makamera ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni ndi kumidzi kumene makolo awo adachokera, akajambule achikulire akusimba nthano, maliro ndi maukwati m'zizindikiro zawo. Masiku ano foni ya m'thumba ikwanira. Ntchito imeneyi siyodikira bajeti ya chaka chamawa, chifukwa achikulirewo sakudikira.

Kwa inu owerenga, musadikire boma. Pa mzere wa nyumba zanu pali wosamva amene mumangomukwezera dzanja podutsa. Mufunseni dzina lake la m'manja, chifukwa aliyense wa iwo ali nalo, ndipo mwina inunso adakupatsani kale lanu, lochokera pa dazi lanu kapena kayendedwe kanu, inu osadziwa. Mwana wanu akamuseka, mudzudzuleni monga momwe mungamudzudzulire atatukwana agogo ake.

Ndipo kwa inu akuluakulu amene mudavutika kunja zaka makumi awiri kapena atatu chifukwa chokana kutsekedwa pakamwa: mbiri yanu timailemekeza, koma mlandu suwola. Pa 23 Seputembala chaka chilichonse dziko lapansi limakumbukira zinenero zamanja. Mudzaitanidwa, mudzavala masuti, mudzawerenga mawu okoma amene mlembi wanu wakulemberani, ndipo womasulira adzawasandutsa manja. Osamva adzakuyang'anani mwaulemu mpaka mumalize. Akadzayamba kuyankha, mudzakhale pansi, mutseke pakamwa, muyang'ane manja awo. Adzakufunsani chimene mwachita kuyambira 1994, ndipo yankho lake mulikonzeretu lero.